Kunjenjemera kwa Galimoto Yofiira ya Bambo Afif

Galimotoyo inafika pagalaja panga Lachiwiri m'mawa, m'chaka cha 2010, ndipo ndinaizindikira isanamalize n'komwe kukhota pakona ya wophika buledi. Aliyense amene anakhalako ku Zokak el-Blat, dera lathu lino la mu Beirut, nkhondo isanayambe akanaizindikira. Yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yochokera ku Italy. Masiku amenewo ikamadutsa, wometa tsitsi ankasiya munthu ali ndi thovu m'masaya n'kutuluka panja, ndipo azimayi ankakokera ana awo aakazi m'nyumba. Tsopano utoto unali utasuluka, koma mawu a injini anali omwe aja. Sindibisa, mtima wanga unadumpha.

Amene anatsikamo, atagwira chitseko ndi manja onse awiri, anali mwini wake, bambo Afif. Tsitsi lomwe ankalinyadira lija linali litapita, mimba itabwera. Anakhala zaka 34 ku Abidjan akugulitsa nsalu, ndipo anabwerera kuno ku Beirut mkazi wawo atamwalira.

"Ndiwe mwana wa Onnig?" anandifunsa.

"Ndine, bambo. Zaven."

"Bambo ako ankamva matenda a galimoto ikadali kumsewu. Iwe umamva, kapena umangosintha zitsulo ngati anzakowa?"

"Zimatengera, bambo. Anthu ena amabwera ndi galimoto yodwala, ena galimoto ndi imene imabwera ndi wodwala."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Pakamwa ndiye sunatengere bambo ako. Iwo aja ankalankhula kawiri pachaka."

Anali atazungulira kale magalaja atatu. Woyamba anawagulitsa matayala anayi. Wachiwiri anati matayalawo sanaikidwe bwino n'kuwamata timitovu. Wachitatu anasintha mphira zogwira injini, n'kuwauza kuti galimoto yakale imanjenjemera basi, ndi ukalamba. Amenewa ndi amene amandikwiyitsa ine. Munthu akalephera kupeza vuto amanamizira ukalamba, ngati kuti chitsulo chimamera imvi.

Ndinawauza akhale pambali, ine n'kugwira chiwongolero, tinatsikira kumsewu wa m'mphepete mwa nyanja. Pa liwiro la 40 inkayenda bwinobwino. Itafika pa 60 kunjenjemera kunayamba, osati pachiwongolero ayi, koma pansi pa mpando, ndipo ndodo ya giya inkavina m'dzanja langa. Ndinaponda kilatchi galimoto ili pa liwiro, koma kunjenjemera sikunasiye. Ndinaima, n'kupondereza mafuta galimoto ili chiimire, injini inalira mosalala. Titanyamukanso ndinaika giya yachinayi, ndipo nditangochotsa phazi pamafuta, ndodo ija inatuluka yokha m'giya.

"Injini ilibe mlandu, matayala alibe mlandu," ndinatero. "Vuto lili kumbuyo kwa giyabokosi. Pali chinthu chimene chikuzungulira chisali chowongoka."

"Wamlandu ndikumudziwa ine," anayankha bambo Afif. "Iwe ungopeza pamene anaononga."

Tinabwerera kugalaja, ndinatereka khofi, ndipo nkhani inatuluka yokha. Mu 1976, nkhondo itakula, iwo anaganiza zopita ku Abidjan. Galimoto anaisiya pabwalo la nyumba ya mayi awo, mayi Zahiya, m'manja mwa mng'ono wawo Munir. Anamulumbiritsa atagwira mutu wa mayi awo kuti galimoto imeneyi sidzatuluka pachipata mpaka iwo atabwera. Ndiye chifukwa munthu wamalonda sakhulupirira lumbiro lokha, analemba nambala ya makilomita kuseri kwa chithunzi. Anachitulutsa m'chikwama n'kundionetsa. Kutsogolo kunali mnyamata wa tsitsi lambiri atatsamira galimoto yofiira. Kuseri kunali 38,412.

"Ndinabwera mu 1992, nkhondo itatha. Ukudziwa zimene ndinapeza? 47,590! Makilomita opitirira 9,000, m'dziko limene munthu sankatha kuwoloka msewu osawomberedwa. Ndikuyendetsa, ikunjenjemera ngati ya malungo. Ndikumufunsa, iye ati, 'Achimwene, sinatuluke pachipata.' Maso ali gwa! Ndinamuuza pamaso pa mkazi wake kuti ndi wabodza ndiponso wakuba. Galimoto ndinakaitsekera kwa msuweni wanga kumapiri, ine n'kubwerera ku Abidjan. Kuyambira tsiku limenelo sitinapatsanepo moni."

"Zaka 18, bambo?"

"Olo zitakhala 80. Ankanyamula atsikana kupita nawo kumapiri ku Aley ameneyo, kapena anaibwereketsa kwa anyamata a mfuti. Anakaigwetsera m'dzenje kwinakwake. Walumbira pamutu pa mayi ako, kenako n'kuchita zimenezo?"

Anatembenuza kapu yawo. Kenako anandiuza kuti mayi awo anamwalira mu 1984, bwalo la ndege lili lotseka, ndiye sanabwere kumaliro. Anati chimawatonthoza n'chakuti mayiwo sanavutike. Makalata awo onse ankati tili bwino, tikudya bwino, kwathu kuno mabomba safika, usadandaule mwanawe. Ine ndinangoyang'ana pansi. Tonse amene tinatsala tinkalemba makalata otero, ndipo onse amene anachoka ankasankha kuwakhulupirira.

Aphunzitsi Munir ndinkawadziwa. Anaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo m'mawa uliwonse ankadutsa pagalaja panga wapansi, atanyamula buledi, n'kukweza dzanja. Sindinawaonepo akuyendetsa galimoto, ngakhale njinga. Kuwaganizira ali ndi atsikana pamsewu wa ku Aley kunkandivuta. Koma nambala ndi nambala, ndipo nkhani za pachibale si ntchito yanga.

Tsiku lotsatira ndinaikweza galimotoyo n'kulowa pansi. Kumchira kwa giyabokosi oyilo ankadontha. Ndinamasula shafti yaitali imene imapititsa mphamvu kumatayala akumbuyo, n'kuiyeza, koma inali yowongoka. Ndiye ndinatenga kawotchi kanga koyezera, kamene muvi wake umasuntha chitsulo chikapotoka ngakhale pang'ono ngati tsitsi, ndinakakhudzitsa pambale yachitsulo ya kumchira kwa giyabokosi, n'kuzungulitsa ndi dzanja. Muvi unapita uku, n'kubwerera uku. Shafti yam'kati mwa giyabokosi inali yopindika.

Apa mpamene mutu unayamba kundiwawa. Shafti imeneyo siipindika wamba. Galimoto ikagwera m'dzenje mpaka kupinda chitsulo chimenecho, pansi pake pamayenera kukhala zipsera. Ndinayang'ana ndi tochi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, koma panalibe pokandika ngakhale pamodzi. Chimene ndinaona chinali fumbi lakuda lolimba, lomatirira pansi pa bodi mbali ya kumanzere kokha. Ndinalipala ndi mpeni n'kulinunkhiza. Linali la mphira.

Ndinatsitsa giyabokosi n'kuimasula patebulo. Magiya oyamba atatu anali ngati atsopano, pomwe mbali ya giya yachinayi inali itadyeka kwambiri. Ndani amayenda makilomita 9,000 m'Beirut ndi m'mapiri mwake pagiya yachinayi yokha? Ku Aley sungakwere choncho ngakhale utapemphera. Beringi yakumbuyo, imene shaftiyo imazunguliramo, nayo inandidabwitsa, chifukwa mphete yake yakunja inadyeka mbali imodzi yokha, ya kumanzere, ngati kuti chinachake chinkakoka shaftiyo cham'mbali kwa nthawi yaitali.

Kenako ndinatsuka mbale ija ndi palafini. Inayenera kukhala ndi mabowo anayi a mabawuti, koma inali ndi asanu ndi limodzi. Awiri anali obooledwa pambuyo pake, mwaluso, milomo yake yosalazidwa bwino. Pafupi ndi bowo limodzi panali timadontho titatu tokhomedwa ndi chisongole, tiwiri pansi, kamodzi pamwamba.

Ndinakhala pansi pa kampando. Chizindikiro chimenecho ndinakula nacho. Abambo ankachikhoma pa chilichonse chimene apanga ndi manja awo, ngakhale pa chogwirira cha poto wa amayi. Anamwalira mu 1995, koma apa anali atandipeza pansi pa galimoto ya eni ake.

Ndili chikhalire, maso anga anagwera pachitseko cha galaja. Chitseko chimenecho chimadzitseka chokha kukawomba mphepo ya kunyanja, ndiye kuyambira kalekale timachitchinga ndi chigudumu chachitsulo cholemera, chokhala ndi ngalande ya lamba. Ndinkachikankha ndi phazi m'mawa uliwonse kwa zaka 28, osadzifunsa kuti chinachokera kuti. Ndinachinyamula, chitseko n'kumenyetseka kumbuyo kwanga. Ndinachipukuta, ndipo timadontho titatu tija tinaoneka. Nditachiika pambale ija, mabowo onse asanu ndi limodzi anagwirizana.

M'mawa mwake ndinawadikirira aphunzitsi Munir pakhomo.

"Aphunzitsi, tabwerani mumwe khofi."

"Iwe Zaven, zaka zonsezi sunandiitanirepo khofi. Ukufuna ndikuwerengere chiyani?"

"Mundithandize samu imodzi. Yandikanika."

Atalowa n'kuona galimoto yofiira ili m'mwamba, anaima. Ataona chigudumu chili patebulo pafupi ndi shafti, anaika buledi wawo pampando mosamala, n'kukhala pa mpando wina.

"Bambo ako sanachitaye?" anafunsa.

"Abambo sankataya ngakhale msomali wopindika. Chinkagwira ntchito yanji?"

"Mu 1982 unali kuti iwe?"

Ndinali ku Aleppo kwa apongozi. Mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, njira zinatsekeka, ndipo tinabwerera chilimwe chitatha. Zimene zinachitika mzinda wa Beirut utazingidwa ndinkangozimva m'zidutswa, popeza anthu sankafuna kuzikamba, ndipo abambo ndiye anali munthu wolakwika kumufunsa.

Aphunzitsi anandifotokozera pang'onopang'ono. Madzi anatsekedwa, magetsi anazimitsidwa, dzuwa lotentha la Julaye lili pamutu. Pabwalo la mayi Zahiya panali chitsime chakale chakuya, ndi pampu imene inkayendera magetsi. Mabanja oposa 30 a mumsewumo analibe pena potunga. Chidebe cha pachingwe sichikanakwanira, ndipo mayi Zahiya anali atayamba kale kudwala impso. Injini yokhayo yamoyo pabwalopo inali ya galimoto ya achimwene awo.

"Ndinapita kwa bambo ako. Ndinati, 'Amisiri, ndinalumbira kuti galimoto iyi sidzatuluka pachipata.' Iwo anayang'ana galimoto, anayang'ana chitsime, n'kunena kuti, 'Ndani wati ituluke?' Mawu awo a chaka chimenecho anathera pomwepo."

Abambo anaikweza panjerwa, anachotsa shafti yaitali ija, anamangirira chigudumu kumchira kwa giyabokosi, lamba n'kudutsa cham'mbali kukafika papampu. Petulo ankabwera naye anthu, wina m'botolo la mafuta ophikira, wina m'tini. Maola atatu tsiku lililonse, pagiya yachinayi, kwa masiku pafupifupi 45. Ndipo chingwe chowerenga makilomita chimachokera mu giyabokosi, osati kumatayala. Galimoto inkaganiza kuti ili paulendo.

"Lamba ankaterereka, ndiye bambo ako anamukoka ndi jeke mpaka kulira ngati chingwe cha gitala. Tsiku lina pampu inameza mchenga n'kuima mwadzidzidzi. Tinamva kuti gu! Bambo ako analowa pansi, anatuluka nkhope itagwa. Anati, 'Ndapinda shafti ya mwini wake. Akabwera ndidzaiwongola.' Koma pamene achimwene ankabwera, bambo ako anali atafa kale ziwalo mbali imodzi, ndipo galimoto inatengedwa tsiku lomwelo."

"Nanga bwanji simunawauze? Aphunzitsi, mawu asanu okha! Zaka 18 chifukwa cha mawu asanu?"

"Usandikalipire m'galaja mwako, ndinaphunzitsa ana ako ine." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Amayi anandilumbiritsa. Anati, 'Afif asadzamve kuti ndinasowa madzi iye ali kunja. Adzadzida moyo wake wonse.' Ndinalumbira kawiri pamutu umodzi womwewo, Zaven. Lumbiro loyamba ndinasunga, lachiwiri ndinasunganso. Ndiye munthu akakutchula wakuba pamaso pa mkazi wako, pakamwa pamauma. Iwenso usawauze."

"Ine sindinalumbire pamutu pa munthu aliyense."

"Zaven!"

"Munthu akandifunsa chimene chinapinda chitsulo chake, ndimamuuza. Ndiyo ntchito yanga. Mukafuna wonama, magalaja atatu ali uko."

Anatola buledi wawo n'kutuluka osatsanzika. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi achimwene awo, ndinakwiyanso ndi abambo chifukwa chokhala chete. Anthu atatu akuluakulu, aliyense atatseka pakamwa chifukwa cha ulemu, ndipo mapeto ake abale awiri akukalamba m'misewu yoyandikana osaonana.

Shafti yatsopano ya galimoto imeneyo siipezeka m'sitolo. Ndikanatha kuitanitsa yakale kuchokera kunja n'kudikira miyezi, koma sindinafune. Abambo anati adzaiwongola, ndiye inayenera kuwongoledwa pamakina awo omwewo. Ndinayamba ndaiviika m'palafini, n'kuipukuta, n'kuipaka choko, monga ankachitira iwo. Pakakhala mng'alu, palafini amatuluka n'kudetsa chokocho. Choko chinakhala choyera, ndipo ndinapuma.

Ndinaigoneka patimiyala tiwiri tachitsulo, n'kuizungulitsa pansi pa kawotchi mpaka nditapeza pamene yakwera kwambiri, ndinalembapo ndi choko. Kenako ndinaiika pamakina opanikizira, nditatchinjiriza ndi kachidutswa ka mkuwa kuti isakandike. Kuwongola chitsulo sikufuna mphamvu, kumafuna kuleza mtima, chinthu chimene ine ndilibe kwina kulikonse. Umapanikiza kupitirira pang'ono pamene ukufuna, chifukwa ukamasula chimabwerera. Ukachepetsa, sichisintha. Ukapyola, wapinda mbali inayo, ndipo chitsulo chopindidwa uku ndi uku chimatopa n'kuthyoka. Ndinapanikiza, kumasula, kuyeza, kupanikizanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ulendo wa 14 muvi unangogwedezeka pang'ono n'kukhazikika. Ndinapezeka ndikulankhula ndekha Chiameniya, chilankhulo cha makolo athu, kuwauza abambo kuti yatheka.

Ndinaika maberingi atsopano, mphira yatsopano yotseka oyilo, ndi tizitsulo ta giya yachinayi. Loweruka m'mawa bambo Afif anabwera atavala jekete yoyera ndi kansalu m'khosi, ngati mnyamata wa pachithunzi uja.

"Yatheka, amisiri?" Aka kanali koyamba kunditchula choncho.

"Yatheka. Koma musanakwere, bwerani muone chimene chinaipinda."

"Dzenje. Ndinakuuza kale."

Ndinawaonetsa beringi yakale ndi mbali yake yodyekayo. Ndinawaonetsa fumbi la mphira limene ndinasunga m'kabokosi ka machesi. Ndinawafunsa ngati anayamba aonapo munthu wokwera ku Aley pagiya yachinayi. Kenako ndinaika chigudumu patebulo n'kuwauza zonse, za chitsime, za mabanja 30, za petulo wa m'mabotolo, za impso za mayi awo. Sindinakometsere chilichonse. Mwina ndinalakwa, koma ndi mmene ndiliri.

Anayamba ndi kukana. "Amayi analemba kuti madzi alipo. Kalatayo ndili nayo mpaka lero. Ya mwezi wa Ogasiti."

"Sananame, bambo. Madzi analipo. Galimoto yanu ndi imene inkatunga."

Anakhala pa kampando kanga kodzaza oyilo, ndi jekete yawo yoyerayo. Anagwira chigudumu, n'kumayendetsa chala mu ngalande ya lamba. Kenako anati, "Ine mwezi umenewo ndinkamanga dziwe losambiramo kunyumba kwanga ku Abidjan."

"Munir akukhala kuti?" anafunsa.

"Misewu iwiri kuchokera pano. Pamwamba pa sitolo ya mankhwala."

"Yendetsa ndiwe."

Tinaima pansi pa nyumbayo, msewu uli wodzaza ndi anthu ogula masamba. Bambo Afif anatambasula dzanja n'kuliza hutala, katatu kafupi, kamodzi kotalika, mmene ankaitanira mng'ono wawo kale. Pakhonde la pamwamba panatuluka mkazi wa aphunzitsi, anayang'ana, anagwira pakamwa n'kubwerera m'nyumba. Tinadikira. Ndinayamba kuganiza kuti satsika. Kenako chitseko cha pansi chinatseguka, aphunzitsi Munir n'kutuluka atavala masilipasi.

Anayamba ndi ine. "Iwe, pakamwa pako ndi pampu."

"Ndinakuuzani, aphunzitsi."

Bambo Afif anatsika, n'kuima patsogolo pa mng'ono wawo. Ndinkayembekezera mawu ambiri, poti munthu wogulitsa nsalu sasowa mawu. Koma anangoti, "Munir, wakalamba bwanji iwe?"

"Achimwene, mwadziona pagalasi? Tsitsi munasiya ku Abidjan?"

"Sinatuluke pachipata."

"Ndinakuuzani."

"Unandiuza." Anagwetsa mutu. "Ndikhululukire, mwana wa amayi. Ndinakutchula dzina loipa pamaso pa mkazi wako. Ndidzakwera pamwambapo ndikalibweze pamaso pake pomwepo."

 Aphunzitsi anayang'ana galimoto, n'kuika dzanja pachitseko cha mbali ya wokwera.

"Amayi ankakhala apa," anatero. "Tsiku lililonse pampu ikamayenda. Ankamanga mpango wawo wabuluu uja, n'kukwera, ndege zikulira m'mwamba, anthu ali pamzere ndi zidebe. Ankayang'ana manambala akusintha n'kumandifunsa kuti, 'Tafika pati, Munir?' Ine ndinkati tadutsa Hazmieh, amayi. 'Nanga pano?' Tikulowa mu Aley, amayi, mukumva kamphepo? Iwo ankati, 'Pepuka phazi, iwe, si galimoto yako.' Masiku ena tinkafika mpaka ku Damasiko n'kubwerera."

Bambo Afif anagwira bodi ya galimoto. "Ndinawalonjeza," anatero. "Tsiku limene ndinaigula ndinati, amayi, Lachisanu ndikupititsani ku Aley. Zaka zisanu ndi zitatu ndinali nayo. Lachisanu lililonse pampandopo pankakhala munthu wina."

"Ankadziwa. Ankati, 'Afif watangwanika, koma wanditumizira galimoto ndi dalaivala.'"

Ndaona amuna akulira pamaliro ndi pankhondo, koma sindinaonepo nkhalamba ya jekete yoyera ikulira choncho pakati pa msewu, wogulitsa tomato akuyang'ana. Inenso ndinatembenukira kumbali, ndinali ndi chifukwa changa. Mng'ono wawo anawagwira paphewa, n'kuwasiya alire.

Atapukuta nkhope, bambo Afif anandilanda makiyi n'kuwaika m'dzanja la aphunzitsi. "Yendetsa. Tikupita ku Aley."

"Achimwene, ndili ndi masilipasi. Ndipo chiyambire 1982 sindinagwirepo chiwongolero."

"Munthu wa makilomita 9,000 ukuopa chiyani? Kwera!"

Galimoto ya mipando iwiri ilibe malo a munthu wachitatu, ndiye ine ndinatsala m'mbali mwa msewu. Aphunzitsi anakhala pachiwongolero, analiza injini, anamvetsera pang'ono maso atatseka. Kenako anaponda kilatchi, dzanja lawo linapita lokha pamene linazolowera, molunjika pagiya yachinayi, n'kuchotsa phazi. Galimoto inadumpha kamodzi n'kuzima.

"Aphunzitsi, giyabokosi yanga!" ndinakuwa. "Yambani ndi yoyamba! Tsiku lonse ndinathera pa shafti imeneyo!"

"Yoyamba ili kuti?" anafunsa aphunzitsi, ndipo sankaseka.

Bambo Afif anaika dzanja lawo pamwamba pa dzanja la mng'ono wawo, n'kukankhira ndodoyo kumanzere ndi kutsogolo. Injini inaliranso. Ananyamuka modukizadukiza, anatsala pang'ono kugunda ngolo ya tomato, kenako anawongola. Ndinaimirira pomwepo ndikumvetsera. Yachiwiri inalowa ndi phokoso, yachitatu inalowa bwino. Asanakhote pakona ndinamva mawu a bambo Afif pamwamba pa injini, akufunsa mokweza kuti msewu wonse umve.

"Tafika pati, Munir?"